Ba Mpundu a Majombo Alowa m'Filimu

Ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, mvula ikagwa masiku atatu otsatizana, msewu wopita kokwerera minibasi umasowa. Pamatsala madzi okhaokha, abii, oyandama mapulasitiki ndi zitsononkho, ndipo munthu wovala nsapato za ku ntchito amangoima m'mphepete n'kumayang'ana kutsidya mwachisoni. Pamenepo ndi pomwe pamapezeka ba Mpundu. Amakhala pa benchi pakhonde la kantemba kena kotsekedwa, majombo atawandandalika patsogolo pawo. Ukawapatsa kangachepe amakubwereka majombo, iwe n'kunyamula nsapato zako m'manja, iwo n'kukutsogolera mpaka pouma. Ukavula amawamanga ndi chingwe, kuwakoleka pakhosi, n'kubwerera. Mvula ikatha amasoka nsapato pa benchi lomwelo.

Anachoka kwawo ku Mporokoso ali mnyamata. Anagwira ntchito ya ulonda zaka zambiri pamalo ena ogulitsa matabwa, mpaka malowo atatsekedwa. Akazi awo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Chansa, anakwatiwa ku Kitwe, amaimba foni pa Khrisimasi ndi pamene kwagwa maliro. Tsono ba Mpundu amakhala okha m'kachipinda ka lendi, ndipo kukhala okhako kunawaumitsa pakamwa. Majombo awo ambiri si apachibale, lina lakuda lina lobiriwira, lina lalitali lina lodulidwa pamwamba. Wina akadandaula amangomufunsa kuti, "Muyenda ku ukwati, olo mufuna chabe kuwoloka manzi?"

Ba Mpundu sankafuna n'kuwaona komwe ana. Ankati ana a masiku ano ntchito yawo n'kuponya miyala m'madzi kuti makasitomala athimbirire.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wovala suti, wonunkhira bwino, wofulumira kukagwira minibasi ya ku tauni. Ba Mpundu anamusankhira majombo ofanana, chifukwa nawonso amadziwa kulemekeza suti. Mayiyo anangolowetsa phazi limodzi n'kukuwa mokweza, kukankha mwendo ngati wosewera mpira. Jombo linauluka n'kukagwera pakati pa madzi, ndipo m'kati mwake munatuluka chule wamkulu, n'kusambira kumapita osacheuka. Kuseri kwa kantemba kunamveka kuseka kwa munthu amene wayesetsa kudzigwira koma zamukanika.

Ba Mpundu anazungulira mbali ina n'kumugwira pa kolala. Anali kamnyamata ka zaka zisanu ndi zinayi, kowonda, kovala kachisoti koyera.

"Ndiwe mwana wa ndani iwe?"

"Wa amai anga."

"Ndipo chule uja?"

"Naye wa amai ake."

Anthu amene ankadikira majombo anaseka, ndipo zimenezi zinawapsetsa mtima kwambiri ba Mpundu. Anamupatsa chilango chotsuka majombo onse, kunja ndi m'kati. Mwanayo anatsuka akuimba. Mawa lake atachoka ku sukulu anabweranso, n'kukhala pa benchi ngati ndi pake.

"Nabwera ku chilango, ba shikulu."

"Chilango chinatha dzulo. Ndipo ine sindine shikulu wako, nilibe mdzukulu wa mutu monga wako. Yenda."

Sanapite. Dzina lake linali Rayyan, mwana wa ba Hatibu atelala ndi ba Fadhila amene amakazinga masamusa pafupi ndi msika. Agogo ake anachokera ku Mangochi, koma iye anabadwira m'komboni momwemo. Ndipo anali ndi chinthu chimodzi chimene ba Mpundu analibe. Chilimwe chonse ankathamangitsa tayala pamsewu umenewo, motero ankadziwa dzenje lililonse, mwala uliwonse, ndi pamene ngalande inasiyidwa yosavundikira. Madzi akaphimba zonse, msewuwo unkatsala m'mutu mwake. Ba Mpundu maso anali atayamba kuchita chifunga, ndipo kawiri konse anali atagwetsera kasitomala m'dzenje mpaka m'mawondo. Rayyan anayamba kutsogola ndi kandodo, atavala majombo omufika m'ntchafu.

"Kumanzere, ba shikulu, apo pali mugodi!"

"Nidziwa! Ninayamba kuyenda pano iwe ukalibe kubadwa."

Amatero, koma n'kukhotera kumanzere.

Ankakangana tsiku lonse. Ankakangana za mpira, za amene wasokoneza majombo, za ngati ku Mporokoso kuli magetsi. Masana ba Mpundu ankakonda kugula kanyama ka nkhumba kootcha, koma mwezi umenewo anasiya, n'kuyamba kugula chinangwa chootcha ndi mtedza, chimene ankatha kugawana ndi mwana wa Chisilamu. Wogulitsa nyama atawafunsa, anati mano awavuta. Aliyense akudziwa kuti chinangwa chootcha n'cholimba kuposa nyama, koma palibe anawatsutsa.

M'mwezi wa Januwale kunamveka za kolera. Mayi aliyense m'komboni anayamba kununkhiza manja a ana ake ngati asambadi ndi sopo. Madzulo ena Rayyan anafika kunyumba kabudula ali wonyowa mpaka m'chiuno, ndipo m'mawa mwake ba Fadhila anatulukira pa benchi, atamanga chitenje mwamphamvu, manja akadali ndi ufa.

"Ndimwe ba Mpundu?"

"Ndine. Saizi yanu?"

"Sinabwere ku majombo. Manzi aya muyadziwa vamene vilimo? Vimbudzi vonse va mu Kanyama vasefukira muno. Ine nili na ana awiri chabe. Nikamuonanso Rayyan mu manzi aya, olo chala chimodzi, nizamukweza basi ayende kwa ambuye ake ku Mangochi, akaphunzire kwamene kuja mpaka akule. Mwamvera?"

"Mutengeni, amai," anatero ba Mpundu. "Anivuta chabe. Nizapumulako."

Koma tsiku limenelo anapatsa bambo wina majombo awiri akumanzere okhaokha, ndipo masana anagula chinangwa cha anthu awiri n'kuchiyang'ana mpaka chinazizira. Mangochi sankakudziwa, koma anafunsa kondakitala wina, ndipo anauzidwa kuti n'kutali kuposa Kitwe. Anthu opita ku Kitwe ankawadziwa mmene amabwererera.

Patatha masiku anayi Rayyan anasuzumira kuseri kwa kantemba. Ba Mpundu anayang'ana uku ndi uku, anatola khala, n'kujambula mzere pakhonde.

"Amai ako anakamba manzi. Sanakambe khonde. Ukadumpha mzere uyu nizakupereka neka ku basi."

Kuyambira pamenepo mwanayo ankaima pa chidiramu kuseri kwa mzere n'kumakuwa njira ali pomwepo, ndipo zinthu zinayenda bwino milungu iwiri. Zikanapitirira kuyenda bwino pakanapanda Nigel.

Nigel anali mnyamata amene anamaliza sukulu koma ntchito osaipeza. Iye ndi mnzake Lombe ankajambula timafilimu toseketsa ndi foni, n'kumatumiza kwa anthu. Tsiku lina akudikira majombo anamvetsera mkangano wa awiriwa, wokhudza ngati chule ali ndi mano, ndipo anaiwala kumene ankapita.

"Ba mudala," anatero, "imwe nkhope yanu ni ya pa TV. Mungowononga nthawi pano."

Ba Mpundu anati zachibwana. Koma anafunsa ngati filimu yotere ingafike ku Kitwe. Nigel anati ingafike ngakhale kunja kwa dziko. Nkhani yake inali yosavuta: mdala wosauka wanyamula mwana wa bwana wolemera kumuwolotsa pamadzi, mwanayo akumulamula ngati bulu, mdalayo akung'ung'udza.

"Awe," anatero ba Mpundu. "Uyu saloledwa mu manzi."

"Nikakhala pa mapewa panu sinizagunda manzi," anatero Rayyan ali pa chidiramu chake. "Amai anakamba chala. Chala chizakhala mumwamba."

"Nanga nkhope? Amai ako alibe maso?"

Apa ndi pomwe ba Mpundu anabwera ndi nzeru imene anainyadira kwambiri. Kunyumba anali ndi chijasi cha mvula chachikasu cha nthawi ya ulonda, chachikulu moti chikanakwana anthu awiri, chokhala ndi chisoti chake. Mwana akavala chimenecho, chisoti n'kuchimanga ndi chingwe cha nsapato pansi pa chibwano, ngakhale amene anamubereka sangamuzindikire. Nigel anati mwana wa bwana wovala chijasi cha mlonda n'zoseketsa kale. Onse anagwirizana, ndipo palibe ngakhale mmodzi anaganiza kawiri.

Loweruka m'mawa kunacha bwino, kadzuwa kakuwala pamadzi. Ba Mpundu anafika atameta ndevu, atavala jekete lawo la ku tchalitchi pamwamba pa majombo. Anamukulunga Rayyan m'chijasi, kumanga chisoti zolimba mpaka kunangotsala kamphuno, n'kumukweza pamapewa. Nigel anaima kutsidya ndi foni. Anthu anadzaza m'mphepete monse, ena atakwera pa mipanda.

Poyamba zinayenda. Rayyan ankalankhula ndi mawu a m'mphuno ngati ana a kumayadi: "Fulumira, iwe mudala, nizachedwa kudya soseji yanga!" Ba Mpundu ankayankha kuti soseji imeneyo imutsamwe, ndipo sankachita kuyeserera, ankangolankhula monga amalankhulira masiku onse. Anthu ankaseka. Koma atafika pakati, pamene madzi amafika m'mawondo ndipo msewu umakhota, anaima. Analankhula chapansipansi, milomo osaitsegula kwenikweni.

"Manje niyende kuti?"

"Siniona, ba shikulu."

"Ati bwanji?"

"Chisoti chanigwera kumaso. Niona chabe yelo."

"Chikweze!"

"Manja ali mukati. Munamanga imwe."

Apo ndi pamene ba Mpundu anazindikira chimene anachita. Pofuna kubisa mwana kwa mayi ake, anaphimba maso okhawo amene ankadziwa njira. Kubwerera kunali kochititsa manyazi, anthu onse aja akuyang'ana, foni ikujambula, jekete la ku tchalitchi lili pathupi.

"Ganiza chabe. Tapita pa mwala uja waukulu?"

"Kapena. Yendani kumanja." Anatembenuza mutu m'chisoti muja. "Olo kumanzere."

Ba Mpundu anasankha kumanja, ndipo kumanja n'kumene kunali ngalande. Phazi linapita, linzake linatsatira. Madzi anawafika m'chiuno, pachifuwa, kenako pakhosi. Koma asanamire anali atamugwira kale mwana m'chiuno ndi manja awiri n'kumukweza pamwamba pa mutu wawo ngati beseni la tomato. Chimene chinkaoneka pamadzi chinali mutu wa imvi, mikono iwiri yonjenjemera, ndi chimtolo chachikasu chikupalasa miyendo m'mwamba. Ndipo mutuwo unkakuwa ndi mawu omveka mpaka ku msika:

"Rayyan! Nyamula mendo! Nyamula mendo, iwe mwana wa ba Fadhila, amai ako azanipaya! Rayyan wa ba Hatibu atelala, osagunda manzi!"

Lombe ndi anyamata ena awiri anathamanga ndi thabwa, anayamba kulandira mwana, kenako kukoka mdala. Nigel sanasunthe, ankangojambula misozi ikutsika ndi kuseka. Ba Mpundu anatuluka ndi jombo limodzi, jekete likuchucha matope, pulasitiki itawakanirira pakhutu. Chinthu choyamba anachita n'kumasula chijasi n'kumupapasa mwana kabudula ndi masokosi. Zonse zinali zouma.

Atapuma anamuitana Nigel. "Paja nakuwa maina, uchotsepo."

"Ba mudala, paja ndiye filimu yonse."

"Uchotsepo, nakuuza!"

Nigel analonjeza kuti aona chochita. Koma Lombe anali ataitumiza kale filimuyo kwa msuweni wake wa ku komboni ya George kuti angoonako, ndipo msuweniyo anali ndi anzake. Pofika Lamulungu, ba Mpundu akulowa m'tchalitchi atavala malaya okha, mnyamata wa kwaya anawanong'oneza kuti, "Nyamula mendo." Makondakitala anayamba kukuwa mawu omwewo pokweza anthu. Chansa anaimba foni kuchokera ku Kitwe, si Khrisimasi, si maliro, akuseka mpaka kulephera kulankhula. Tsiku lina lililonse zimenezi zikanawakondweretsa. Koma iwo ankangoyang'ana njira yochokera ku msika.

Lolemba Rayyan sanabwere. Mayi wina wobwereka majombo anawauza kuti ba Fadhila anaionera filimuyo pamzere wotunga madzi, pa foni ya mnzawo. Anaionera katatu. Azimayi onse ankagwa ndi kuseka, koma iwo sanaseke, anangosenza chigubu chawo n'kumapita. Lachiwiri mwana sanabwerenso.

Lachitatu m'mawa ba Mpundu anasonkhanitsa majombo n'kuwasungitsa kwa wogulitsa chinangwa. Chibwerereni ku Kanyama anali asanapiteko kunyumba ya munthu kukapepesa, ndipo njira yonse ankayeseza mawu, koma ankangotuluka okalipa. Nyumba ya ba Hatibu anaipeza ndi phokoso la makina osokera. Pakhomo panali chikwama chachikulu chamizeremizere, chodzaza, chomangidwa ndi chingwe, pamwamba pake pali nsapato za sukulu za Rayyan.

"Odi."

Ba Hatibu anali pakhonde ndi makina awo, bambo wofatsa wa ndevu zosongoka. Atangowaona anaweramira pa nsalu, mapewa akugwedezeka. Anawapatsa mpando osayang'ana nkhope yawo. Ba Fadhila anatuluka m'nyumba ndi foni m'manja. Rayyan anasuzumira pa zenera, maso ali otupa.

"Ba Mpundu a pa TV," anatero ba Fadhila. "Mwatiyendera."

"Amai, nabwera..."

"Yembekezani." Anayatsa filimu ija, n'kuwaonetsa mutu wawo womwe uli pamadzi ukukuwa. Anaimitsa pamene pakamwa panali potsegula kwambiri. "Apa. Manzi munamwa?"

"Pang'ono."

"Ku kiliniki munayenda?"

"Awe."

"Mdala mkulu, wa imvi, kumwa manzi ya mu ngalande na kukhala chabe pa nyumba. M'mimba muli bwanji?"

"Muli bwino," anatero ba Mpundu, amene sanayembekeze kuti mlandu uyambira m'mimba.

"Mukachoka pano muyende ku kiliniki. Manje kambani vamene mwabwerera."

Mawu onse amene anayeseza m'njira anathawa. Anayang'ana chikwama chija, n'kuyang'ana pansi.

"Mulandu ni wanga, amai. Chijasi ni changa, nzeru yopusa ni yanga. Mwana musamupereke kutali. Mwana afunika amai ake. Ngati vuto ndine, nizachokapo paja. Nizapeza manzi ena ku Chawama, kulikonse, manzi ni yambiri mu Lusaka. Sazanionanso. Koma chola ichi mumasule."

Makina a ba Hatibu anasiya kulira. Ba Fadhila anakhala pa mpondero wa khomo, foni n'kuiika pa chitenje.

"Pa Chiweru paja," anatero, "anabwera pano, ninamugwira kabudula, ninamugwira masokosi. Youma. Nikanapanda kuona ici, sembe sinadziwe. Naonerera kambiri. Anzanga aseka mutu wanu. Ine niyang'ana manja. Munamira mpaka pakhosi, manja sanatsike."

Ba Mpundu anakanda bondo.

"Koma munaninamiza, imwe na uyu kawalala ali pa windo. Ici sinizaiwala." Anatembenukira ku zenera, mutu wa Rayyan n'kuzimiririka. "Manje mverani. Madrasa yake ili kutsidya kwa manzi yanu yaja. Kuchokera pamene mvula inayamba sayendako, cifukwa ine siningasiye mafuta pa moto, atate ake sangasiye makina. Aphunzitsi abwera kale kawiri kudandaula. Imwe mwaonetsa dziko lonse kuti mudziwa kunyamula mwana osamunyowetsa. Kuyambira lelo, folo koloko iliyonse, muzamutenga pano, pa mapewa, kumufikitsa pa khomo la mzikiti. Muzamuyembekeza. Muzamubweza. Kumaso osamuphimba na kanthu. Akafika muzasamba m'manja nonse awiri, na sopo, ine nikuona."

"Ine nili wa ku tchalitchi, amai."

"Sinakambe kuti mukalowe. Panja pali njerwa, muzakhalapo."

"Nanga chola?"

"Chola sinimasula. Chizakhala pamene apa mpaka mvula ithe. Tsiku limodzi chabe akabwere na sokosi yonyowa, basi ilipo."

Ba Mpundu anapuma mpweya umene anaugwira kuyambira Loweruka. Anafuna kuthokoza, koma pakamwa pawo sipanazolowere, ndiye anangoti mwanayo ndi wolemera kuposa mmene amaonekera, ndipo mawondo awo si a mnyamata. Rayyan anali atatuluka kale, ataima pambali pawo, akuyesetsa kuoneka ngati munthu wolapa.

Pamenepo nsalu ya pakhomo inagwedezeka. Munatuluka kamtsikana ka zaka zisanu, kovala mpango wapinki, kabuku kali m'khwapa, nsapato zake katazinyamula m'manja ngati kuti folo koloko yakwana kale. Kanayenda molunjika mpaka pa mawondo a ba Mpundu n'kuima, kakuwayang'ana m'mwamba.

"Uyu ni Mariya, mlongo wake," anatero ba Fadhila akudzuka kubwerera ku mafuta awo. "Naye ayamba lelo. Osadandaula, ni wopepuka. Muzayenda maulendo awiri."

Ba Mpundu anatembenukira kwa ba Hatibu kuti mwina mwamuna mnzawo awalankhulireko. Ba Hatibu anaweramira pa nsalu n'kupalasa makina mwamphamvu.